Kwa achimwene a boti la ku Nkhotakota: musalumikize lithium molunjika ku injini

Achimwene, mwati mwagula batire ya lithium ya 100Ah kuti iziyatsa nyali za usipa pa boti lanu lomwe lili ku Nkhotakota, ndipo wina kuno ku Kasungu wakuuzani kuti mungochotsa batire yakale ija n'kumangirira yatsopanoyi pa mawaya omwewo kuti injini izitchaja. Chonde dikirani kaye. Ndimagwira ntchito ya magetsi a galimoto, ndipo nkhaniyi imandikhudza chifukwa chomwe chimapsa si batire yodulayo koma alternator, chipangizo cha pa injini chomwe chimatchaja batire, ndipo imapsa anyamata anu ali pakati pa nyanja usiku.

Batire yomwe tinazolowera, ya asidi ija, ili ngati munthu amene akayamba kukhuta amachepetsa yekha mbamu. Injini ikangolira imakoka magetsi ambiri kwa kanthawi, kenako imayamba kukana, ndipo alternator imapumako. Alternator ya galimoto inapangidwa modalira khalidwe limeneli. Lithium ya mtundu wa LiFePO4, yomwe ndi imene ikugulitsidwa kwambiri pa 12V, simakana. Ikakhala yopanda moto imalandira zonse zomwe alternator ingatulutse, ndipo imapitiriza chomwecho mpaka itatsala pang'ono kudzaza. Ndiye alternator yolembedwa 80A imakakamizika kutulutsa mphamvu zake zonse kwa ola lathunthu kapena kupitirira, chonsecho nambala imeneyo si yoti izigwira nayo ntchito osapuma. Choipa kwambiri n'chakuti chokupizira mphepo chomwe chimaiziziritsa chili pa shafiti yake yomweyo. Injini ikamalira pang'onopang'ono, monga pamene mukudikira kuti siginala, yemwe amakopa usipa ndi nyali, asonkhanitse nsomba, mphepo imachepa koma batire ikukokabe. Pamenepo mumamva fungo la vanishi wopsa, ndiye kuti mawaya a m'kati ndi ma diode (tizipangizo tolola magetsi kupita mbali imodzi yokha) apita.

Vuto lachiwiri ndi loopsa kuposa ili chifukwa silichenjeza. M'kati mwa batire yanuyo muli kabokosi kotchedwa BMS komwe kamateteza maselo anayi a 3.2V aja. Kakaona kuti selo imodzi yadzaza mopitirira, kapena batire yatentha, kapena magetsi olowa achuluka, kamangodula nthawi yomweyo. Kwa batire zimenezo ndi zabwino. Koma alternator yomwe imakankha ma amp 60 ikangopezeka kuti kopita magetsiwo kwatsekedwa, voteji imadumpha kupitirira kutali 14V m'kanthawi kochepa kwambiri, n'kuwotcha ma diode ake komanso chilichonse chomwe chili pa waya womwewo: nyali, wailesi, foni zomwe zili pa tchaja. N'chifukwa chake ife timaletsa kuchotsa temino ya batire galimoto ikulira. BMS imachita zomwezo, kusiyana kwake n'kwakuti imachita yokha popanda kukufunsani.

Simunanene kuti injini yanu ndi yotani, ndipo yankho likudalira pamenepo.

Ngati ndi ya dizilo yokhala m'kati mwa boti, yokhala ndi alternator ya lamba ngati ya galimoto, musataye batire ya asidi ija. Ikhale pamalo pake, ikhale yolizira injini, ndipo alternator izitchaja iyoyo basi. Pakati pa iyo ndi lithium muikepo tchaja ya DC-DC. Kachipangizoka kamatenga magetsi ku batire ya asidi n'kuwapereka ku lithium pa muyezo womwe mwasankha, ndipo kamakweza voteji kufika pa 14.2V mpaka 14.6V monga lithium imafunira, kenako n'kusiya. BMS ikadula, alternator siidziwa n'komwe, chifukwa batire ya asidi ikadali pamenepo kumeza kudumpha kuja. Makampani ngati Victron, Renogy ndi Sterling amapanga zimenezi. Posankha kukula kwake musapitirire theka la nambala ya alternator yanu. Pa 80A, tchaja ya 30A ndi yokwanira, ndipo dziwani kuti kuti itulutse 30A imakoka pafupifupi 35A kumbuyo kwake. Batire yanu ikatsika kufika pa 20 peresenti, idzadzaza m'maola pafupifupi atatu injini ikuyenda. Ena adzati zikuchedwa, koma ine ndingakonde kuchedwa kumeneko kusiyana ndi kupalasa boti lamatabwa mwera utayamba. Pa maboti akuluakulu a mabatire ambiri amaika regulator (chowongolera voteji) yapadera, monga ya Balmar kapena Wakespeed, yomwe imayeza kutentha kwa alternator n'kuichepetsa mphamvu ikatentha, koma pa batire imodzi ya 100Ah kumeneko n'kuwononga ndalama.

Wina mu ndemanga watchula relay yolumikiza mabatire awiri injini ikalira. Imeneyo isiyeni. Simachepetsa magetsi odutsa, imangotsegula ndi kutseka. Komanso zambiri zimalekanitsa mabatire voteji ikatsika cha pa 12.8V, pamene lithium imakhala pa 13.2V kapena 13.3V ili phee, ndiye relay imaganiza kuti injini ikadalira, n'kusiya mabatire ali olumikizana usiku wonse.

Koma ndikuganiza kuti injini yanu ndi yopachika kumbuyo, Yamaha ya 15 kapena 40 monga maboti ambiri a m'magombe a ku Nkhotakota. Ngati ndi choncho nkhani ndi ina. Injini zazing'onozi zilibe alternator ya lamba, zili ndi koyilo pansi pa flywheel yomwe imatulutsa ma amp ochepa, nthawi zambiri osafika 10, ndipo injini iyenera kuthamanga ndithu kuti afike pamenepo. Pa 6A, batire ya 100Ah yomwe yatheratu ingafune maola opitirira 16 kuti idzaze. Petulo wake mungamukwanitse? Zina mwa injinizi zilibenso chowongolera voteji, moti batire ikadzaza voteji imakwerabe, BMS n'kudula, rectifier (kachipangizo kosintha magetsi a koyilo kuti athe kutchaja batire) n'kupsa. Apa ngakhale DC-DC ya 20A ingangoumitsa batire ya asidi, chifukwa ikukoka zambiri kuposa zomwe koyilo ikubwezera.

Langizo langa pa injini yotereyi n'lakuti muisiye izingoyendetsa boti. Usipa mumapha usiku, masana onse boti lili pagombe, ndipo dzuwa la kunyanja silisowa. Tiwerengere: nyali zinayi za LED za 20W iliyonse zimadya pafupifupi 6.5A, pa maola 8 ndi 52Ah, theka la batire yanu basi. Sola ya 200W tsiku lowala bwino imabweza pafupifupi zomwezo, ndipo ya 300W idzakusungani ngakhale m'miyezi ya mitambo. Chofunika ndi controller ya MPPT (kabokosi kowongolera magetsi ochoka pa sola kupita ku batire) yomwe ili ndi posankha lithium, ndipo equalize, yomwe imatchaja pa voteji yokwera kwambiri, muizimitse, chifukwa imeneyo ndi ya mabatire a asidi. Lithium ya 100Ah imalemera makilogalamu 12 kapena 13, mnyamata mmodzi amainyamula kupita nayo pa sola m'mawa n'kuibweza madzulo.

Kaya mutsata njira iti, ikani fyuzi pa waya wa positive pafupi penipeni ndi batire. Lithium ikashota imatulutsa moto wochuluka kwambiri moti waya amafiira nthawi yomweyo, ndipo m'boti muli zigubu za petulo. Ikhale m'bokosi lotseka, pamwamba posafika madzi a m'boti, ndipo musaitchaje ili padzuwa pa mchenga mu Okutobala, chifukwa opanga ambiri amaletsa kutchaja ikatentha kupitirira madigiri 45. Anyamata anu muwauzenso kuti asamadalire mita ya voteji: lithium imaonetsa 13V ndi kanthu kuyambira ili pafupi kudzaza mpaka itatsala pang'ono kutha, kenako n'kuzima mwadzidzidzi. Ngati ili ndi Bluetooth aziona pa foni.

Mukadzatsika pa msewu wa M18 kukaona boti, jambulani kachitsulo kolembedwa kali pa injini ndi pepala lomatidwa pa batire, makamaka pomwe alemba ma amp omwe BMS imalola potchaja. Mudzaike zithunzizo pano, ndidzakuuzani kukula kwa fyuzi ndi waya woyenera.