Mafunso a Owerenga: Silagi, Khungu ndi Maso

FUNSO: Akonzi, ine ndimagwira ntchito youmba mabuloko pamalo ena ku Kanyama. Chiyambire nyengo yozizira, abwana athu akhala akuitanitsa malole a silagi wochokera ku ng'anjo zosungunulira zitsulo kuti tizimusakaniza ndi simenti, chifukwa akuti ndi wotsika mtengo kuposa miyala yophwanya. Tsopano zikhatho zanga zang'ambikang'ambika, pakati pa zala pakuyabwa, ndipo madzulo maso amafiira n'kumatuluka misozi. Mnzanga wina akuti silagi ndi mwala chabe, wina akuti ndi poizoni. Kodi ndingadziteteze bwanji popanda kusiya ntchito?
Woumba mabuloko, Kanyama

YANKHO: Bambo, choyamba funsani abwana anu kuti silagiyo akuchokera ku ng'anjo yosungunula chiyani, pakuti dzinali ndi limodzi koma zinthu zake n'zosiyana kwambiri. Silagi ndi zosafunika za m'miyala ya mumgodi kapena za m'zitsulo zakutha, zomwe zimasungunuka pamodzi ndi laimu kapena mchenga womwe amathira dala mu ng'anjo, n'kuyandama pamwamba pa chitsulo chamadzimadzi kufikira atazitsanulira padera kuti zizizire.

Wochokera ku ng'anjo za mkuwa za ku Copperbelt, monga uja anaunjikana n'kukhala phiri la Black Mountain ku Kitwe, amakhala wakuda, wolemera ndi wonyezimira, ndipo mbali yake yaikulu ndi ayironi ndi silika zomwe zinaumira pamodzi. Ameneyu saotcha khungu kwenikweni, koma timiyala take n'takuthwa, moti m'mafakitale amamupopera ndi mphepo yamphamvu pofuna kupala dzimbiri ndi penti pazitsulo. Wochokera ku ng'anjo zopangira chitsulo cholimba cha stilo, zomwe zimasungunula zitsulo pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 1,600, kawirikawiri amakhala wotuwa ndipo amakhala ndi laimu wambiri. Malinga ndi zomwe mwafotokozazi, laimuyo ndi simenti ndi zomwe ndikuzikayikira.

Laimu akakhala wouma amangokanda khungu ngati fumbi lina lililonse, koma akakumana ndi madzi kapena thukuta amasanduka alikali, mtundu womwewo wa ukali umene uli m'chidulo chomwe amayi amatcheza ku phulusa kuti afewetse ndiwo, kungoti uwu ndi woposa. Pa muyeso wa pH, womwe umasonyeza ukali wa asidi kapena alikali, madzi abwino amakhala pa 7 ndipo khungu la munthu lili cha pa 5.5, pamene madzi odutsa mu silagi wa stilo amatha kufika pa 11 kapena 12, simenti yonyowa n'kufika pa 12 kapena 13. Dziwani kuti nambala ikakwera ndi imodzi, ukaliwo wachuluka kakhumi. Alikali amasungunula mafuta achilengedwe a pakhungu, khungulo n'kuuma ndi kung'ambika, ndipo choipa chake n'chakuti sapweteka nthawi yomweyo. Munthu amatha kugwira ntchito tsiku lonse matope atalowa m'jombo, n'kudzaona matuza ndi zilonda kuzungulira akakolo usiku povula. M'mwezi wa Okutobala, pamene thukuta silikata, fumbi lomwe lamatirira m'khosi ndi m'chiuno pamene pamadutsa lamba limachita chimodzimodzi.

Magolovesi ansalu kapena achikopa akanyowa amasunga ukaliwo pakhungu, choncho pezani a labala kapena okutidwa ndi labala wopanga wotchedwa nitrile, aatali kupitirira pamfundo ya dzanja, ndipo muziwatsuka ndi kuwaumitsa mkati momwe. Miyendo ya ovolosi izigwera pamwamba pa jombo, osaipisira mkati. Sambani ndi madzi oyera ndi sopo wofatsa, osati madzi a m'diramu lotsukira mafosholo, ndiponso osati dizilo kapena sopo waufa wochapira zovala, kenako dzolani mafuta monga Vaseline pakhungu loyera. Ngati kuyabwako sikukutha ngakhale mwapuma masiku angapo, kapena kukubwerera msanga mukangokhudza simenti pang'ono, pitani kukiliniki, chifukwa mu simenti ndi mu silagi wina mumakhala mtundu wa chitsulo wotchedwa kromiyamu, yemwe thupi likayamba kudana naye silisinthanso.

Za maso ndiye ndikufuna mumvetsetse bwino, pakuti khungu limapola koma galasi la kutsogolo kwa diso likachita chipsera munthu amaona mwachimbuuzi mpaka kalekale. Kanthu kakagwera m'diso musatikite, ngakhale dzanja litathamangira komweko, popeza kutikita kumakhuza kamwala kakuthwako pagalasilo. Thamangirani madzi oyera nthawi yomweyo, pendeketsani mutu kuti diso lovulalalo likhale m'munsi, ndipo mnzanu atsegule zikope ndi zala zoyera n'kumathira madzi pang'onopang'ono kuchokera cha kumphuno, inu mukuyendetsa diso mbali zonse. Chitani zimenezi kwa mphindi zosachepera 20, ndipo ngati ndi matope a laimu kapena simenti pitirizani mpaka mphindi 30, chifukwa alikali amalowerera mkati mwa diso kuposa asidi, komanso timibulu take timabisala kuseri kwa chikope cham'mwamba n'kumasungunuka pang'onopang'ono. Ambiri amathira kapu imodzi n'kubwerera ku wilibala, koma kutero n'kosakwanira mpang'ono pomwe. Musadonthezeremo mkaka wa m'mawere, shuga, madzi a masamba kapena mankhwala a maso otsala kwa munthu wina, ndipo kachitsulo kakakanirira musakakolowole ndi kamtengo ka machesi kapena nsonga ya mpango, chifukwa kamasiya dzimbiri pagalasi la diso lomwe amachotsa ndi dokotala yekha. Mukatsuka pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kuno ku Lusaka kuli chipatala cha maso ku University Teaching Hospital (UTH). Podziteteza, valani magalasi otseka m'mbali monse, pakuti magalasi adzuwa fumbi limangowalambalala, makamaka ndi mphepo ya mu Ogasiti. Kuwaza madzi pamulu musanatape kumachepetsa fumbi, bola manja ndi mapazi zikhale zotetezedwa.

Kupereka zovala zodzitetezera ndi madzi osamba ndi udindo wa olemba ntchito, ndipo wovulala pantchito ali ndi ufulu wokadandaula ku Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe lopereka chipukutamisozi kwa ovulala pantchito. Abwana anu apemphe kwa wogulitsa chikalata chotchedwa Safety Data Sheet, chomwe chili ndi magawo 16: gawo 2 limanena za kuopsa kwa chinthucho, gawo 4 za chithandizo choyamba, gawo 8 za zovala zoyenera. Muwauzenso kuti silagi wa stilo amene sanakhale pamvula kwa miyezi ingapo amafufuma laimu wake akamamwa madzi, ndipo amatha kung'amba buloko lomwe lili kale pakhoma. Mwina zimenezi adzazimva msanga kuposa za zikhatho zanu.

FUNSO: Kwathu ku Chawama madzi amadikha pabwalo nthawi ya dzinja, ndiye wina watilonjeza silagi waulere woti tithire. Ana anga amasewera pomwepo opanda nsapato. Kodi ndilandire?
Mayi wa ana, Chawama

YANKHO: Mayi, ngati wopatsayo sangakuuzeni kumene silagiyo wachokera, mukaneni. Kuwonjezera pa kucheka mapazi ndi kuyabwa m'maso, silagi wa ku ng'anjo za mtovu, kuphatikizapo za anthu osungunula mabatire akale a galimoto, amakhala ndi mtovu umene suyabwa ndipo suoneka, koma umalowa m'thupi mwana akaika zala zafumbi m'kamwa, n'kusokoneza kakulidwe ka ubongo wake. Ku Kabwe mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana ndi milu ya zotsalira zake akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi. Thirani miyala yophwanya kapena dothi lofiira la gelevulo, ndipo ngati wina akutaya silagi wosadziwika m'dera lanu, kauzeni a bungwe la ZEMA, lomwe limayang'anira za zinyalala zoopsa m'dziko muno.