Kwa achimwene ofuna kugulitsa Mark X chifukwa cha mafuta

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mwati muli ndi Mark X, mumakhala ku Area 25, ntchito ndi ku City Centre, banja ndi la anthu asanu, ndipo kumudzi ku Ntcheu mumapitako pafupifupi mwezi uliwonse. Petulo wakuwawani, mukufuna kuigulitsa, koma ena akuti gulani Mira, ena Aqua, ena Vitz. Ambiri pano angokuponyerani dzina la galimoto n'kuchoka. Ine ndilemba zotalikirapo, mundipirire.

Musanaike galimoto pa msika, dziwani kaye kuti imamwa bwanji. Zoti "ndikathira a K30,000 sandifikitsa Lachisanu" si muyeso, chifukwa mtengo wa lita ukusinthasintha ndipo sabata sizifanana. Dzazani thanki mpaka pampu idule yokha, ikani trip pa 0, yendani monga mwa masiku onse, kenaka mudzadzazenso mpaka idule. Makilomita amene mwayenda muwagawe ndi malita amene alowa ulendo wachiwiriwo. Nambala imene mupezeyo ndiyo makilomita pa lita, ndipo chilichonse chimene ndinene pansipa chikudalira nambala imeneyo. Ndikudziwa kuti kudzaza thanki ya malita 70 masiku ano si masewera, koma chitani kamodzi kokha, ndi ndalama yomwe mukanathira pang'onopang'ono.

Tsopano tiyerekeze. Tinene kuti pa mwezi mumayenda makilomita 1,000, kuphatikiza kuntchito, kusiya ana kusukulu, kutchalitchi ndi ulendo wa ku Ntcheu. Tinenenso kuti Mark X yanu, pokhala ya injini ya 2.5 ya masilinda 6, ikukupatsani makilomita 8 pa lita. Ndiye kuti pa mwezi mukuwotcha malita 125. Mutakhala ndi galimoto yoyenda makilomita 14 pa lita, mungawotche malita 71. Ya makilomita 20 pa lita, malita 50. Taonani bwino pamenepa: kuchoka pa 8 kufika pa 14 mwapulumutsa malita 54, koma kuchoka pa 14 kufika pa 20 mwangopulumutsa malita 21, chonsecho kusiyana kwake ndi makilomita 6 konsekonse. Phindu lalikulu lili potsika pa galimoto yakumwa kwambiri kupita pa yapakati. Kuthamangira imene imamwa pang'ono kuposa zonse kumawonjezerako ndithu, koma osati monga anthu amaganizira, ndipo nthawi zambiri mumalipira ndi zina: malo okhala, katundu, kapena mtengo wogulira. Manambala ndaikawa ndi oyerekezera chabe, inu muikemo anu, muchulukitse ndi mtengo wa lita umene MERA yalengeza panopa.

Mira ndiikane msanga. Ndi galimoto yabwino kwa munthu woyenda yekha kapena awiri m'tauni. Injini yake ndi 660cc, masilinda 3, ya gulu la timagalimoto tating'ono timene ku Japan amatitcha kei, ndipo kumeneko timaloledwa kunyamula anthu anayi basi. Inu muli asanu. Ikani amayi, ana atatu, zikwama, pobwerera matumba awiri a chimanga ndi mbatata ya ku Lizulu, muyatsenso AC, kenaka mukwere zitunda za ku Dedza. Phazi likhala pansi ulendo wonse, injini ikulira ngati mwana amene mwamusenzetsa thumba la feteleza, ndipo mafuta amene mumati mupulumutsa apita omwewo. Kupitirira thiraki pa M1 ndi Mira yodzaza ndi nkhani ina imene sindingaifunire banja la munthu. Vitz ndi Passo za 1.0 vuto lake ndi lomwelo, kungoti lochepako. Injini yaing'ono imasunga mafuta ikakhala kuti sikuvutika.

Aqua ndiye pofunika kukhalitsa, chifukwa anthu amaiyamikira mopyola ndipo ena amaiopa mopyola. Inatuluka ku Japan kumapeto kwa 2011. Ili ndi injini ya petulo ya 1.5 pamodzi ndi mota yamagetsi ndi batire lalikulu lomwe lili pansi pa mpando wakumbuyo. Simuitchaja pa ESCOM ayi, ndiye za kuthimathima kwa magetsi zisakudetseni nkhawa. Batirelo limadzitchaja ndi injini komanso nthawi imene mukuponda buleki. Mukaima pa mzere wa magalimoto, injini imazima yokha, mukamanyamuka pang'onopang'ono imakoka ndi mota. N'chifukwa chake galimoto yotere, imene amaitcha hybrid, imapambana kwenikweni m'tauni, pa imaima wa m'mawa kuchokera ku Kanengo kudutsa ku Area 18. Pamenepo Mark X imakhala ikuwotcha petulo itangoima, Aqua ili chete. Pa msewu wautali pa liwiro la 100, injini ya petulo imagwira ntchito pafupifupi nthawi yonse, ndipo kusiyana kwake ndi galimoto wamba ya 1.3 kapena 1.5 kumachepa. Popeza makilomita anu ambiri ndi a m'tauni, hybrid ikukuyenerani.

Koma Aqua zambiri zimene zikulowa kuno zadutsa zaka khumi, ndipo batire limakalamba. Likafooka injini imayaka pafupipafupi, galimoto imayamba kumwa ngati ina iliyonse, kenaka pa dashibodi pamabwera uthenga wa hybrid system. Kusintha batire ndi ndalama yoti ikhoza kudya zonse zimene mwapulumutsa chaka chathunthu. Choncho musagule hybrid popanda kuiika pa kompyuta kwa munthu wodziwa, aone mphamvu ya zigawo za batire chimodzichimodzi ngati zikufanana. Wogulitsa akakana zimenezi, musiyeni. Chinanso chimene ambiri sadziwa: batirelo limaziziritsidwa ndi kafani kamene kamakoka mpweya m'kati mwa galimoto, m'mbali mwa mpando wakumbuyo. Fumbi lathu la mu Okutobala, tsitsi, zinyenyeswa za zimene ana amadya, zonse zimathera pamenepo. Pakatsekeka batire limatentha n'kufa msanga. Kupukuta pamenepo sikulira ndalama, koma ndi ochepa amachita. Ndipo AC ya hybrid za Toyota imayendera kompuresa yamagetsi yomwe ili ndi oyilo wakewake, ndiye osangoima paliponse kuti akuthirireni gasi.

Vuto lina la Aqua kwa inu ndi thupi lake. Ndi yotsika, kumbuyo n'kothina, buti ndi yaing'ono. Ngati kwanu mumapatuka pa tala n'kuyenda msewu wafumbi wokumbika ndi mvula, idzakhula pansi itadzaza. Mukafuna hybrid, ine ndingakulozereni Corolla Fielder Hybrid, imene inayamba 2013. Injini ndi makina a hybrid ndi a mtundu womwewo wa Aqua, koma muli malo a anthu asanu ndi katundu. Mtengo wake ndi wokwererapo, n'zoona. Honda Fit Hybrid yoyambira 2013 ija imamwa pang'ono zedi, koma giyabokisi yake ndi ya mtundu wina, ya makilatchi awiri, ndipo ku Japan komweko anaiitanitsa kangapo kuti akaikonze itangotuluka. Pa imaima wa mumzinda imafuna mwini wosamala ndi makaniko woidziwa.

Ngati thumba silifika pa hybrid yabwino, musadzione otsalira. Fielder kapena Axio wamba ya 1.5, Sienta, Ractis, Vitz ya 1.3, Demio, Note, Fit wamba, zonsezi zili m'gulu lapakati lija, limene ndati phindu lalikulu lili pomwepo. Masipeya a Toyota za 1.3 ndi 1.5 mumawapeza ku Lilongwe, ku Limbe, ku Mzuzu ngakhale pa maboma, ndipo makaniko aliyense anazigwirapo. Pali chifukwa chimene anyamata a mataxi anakondera Sienta. Iwo amawerengera lita iliyonse madzulo, sangakakamire galimoto yowadyera phindu.

Za manambala a pa intaneti chenjerani nazo. Mukaona kuti Aqua imayenda makilomita 35 pa lita, imeneyo ndi nambala ya mayeso a ku Japan otchedwa JC08, ochitikira m'chipinda, galimoto ili yatsopano, AC yozima, popanda chitunda, bampu kapena dzenje. Kuno simudzaiona. Komanso petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku Ethco ku Dwangwa ndi PressCane ku Chikwawa. Ethanol ali ndi mphamvu zochepa pa lita kuyerekeza ndi petulo, pafupifupi magawo awiri mwa atatu, choncho makilomita amatsikako pang'ono. Si kuti ndi mafuta oipa, ndipo amatithandiza kuchepetsa ofunika kugula ndi ndalama zakunja. Manambala a ku Japan agwiritseni ntchito pofananiza galimoto ziwiri, osati popanga bajeti ya pakhomo.

Tsopano mbali imene ndikufuna muimvetsetse, chifukwa mwina Mark X yanu ikumwa kuposa mmene iyenera. Funsani makaniko wanu ngati thermostat, kachipangizo kotseka ndi kutsekula njira ya madzi oziziritsa injini, ilimo. Amakaniko ambiri kuno amaichotsa, amati ku Malawi n'kotentha siifunika. Ikachotsedwa injini imachedwa kufika pa kutentha kwake koyenera, makamaka m'mawa wa mu Juni ndi pa mtsetse, ndipo kompyuta ya galimoto ikaona kuti injini ndi yozizira imathira petulo wambiri. Mumayenda chaka chonse mukulipira thermostat imene kulibe. Chimodzimodzi nyale ya check engine imene anthu amangoizolowera, ena mpaka kuimata tepi. Kawirikawiri imakhala ikunena za oxygen sensor (sensa yoyeza mpweya mu utsi wa injini) yakufa, kapena catalytic converter (chosefera utsi cha mu ekizozi) imene wina anaichotsa n'kukagulitsa galimoto ili pa njira kapena ili ku garaja. Sensa ikanama, kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo kamasokonekera. Onjezani mapulagi otha, air cleaner yodzaza fumbi, buleki yogwira pang'ono, alignment yothawa chifukwa cha maenje, ndi oyilo wolemera wa 20W-50 mu injini imene buku lake likuti 0W-20 kapena 5W-30. Chilichonse chimaba pang'ono, zikaphatikizana ndi malita ambiri pa mwezi. Mpweya wa matayala yezani matayala asanatenthe, ndipo tsatirani nambala yolembedwa pa chitseko cha dalaivala, osati ya m'mutu mwa mnyamata wopopa. Zimenezi zikukhudzanso galimoto imene mugule, chifukwa Vitz yopanda thermostat ndi sensa ikhoza kukukhumudwitsani mpaka kuyamba kuisowa Mark X.

Phazi lanu nalonso. Kuwotha injini mphindi khumi m'mawa ndi mwambo wa galimoto zakale za carburettor, za masiku ano ingolizani, dikirani pang'ono, nyamukani mofatsa. Pa M1 kusiyana kwa 90 ndi 120 kumaoneka pa geji, chifukwa mphepo imakankha kwambiri liwiro likamakwera, ndipo pa makilomita pafupifupi 160 a ku Ntcheu mungofika mochedwerapo ndi theka la ola. Zoika pa free pa mtsetse, monga amachitira ena a minibasi, zisiyeni. Galimoto za masiku ano za injection zikamatsika zili mu giya phazi mwachotsa, kompyuta imadula petulo yokha, pamene pa free injini imafuna petulo kuti isazime. Ndiye simupulumutsa kanthu, mukungotenthetsa mabuleki ndi kuika ana pa ngozi.

Musaiwale kuti kusintha galimoto nakonso kumadya ndalama. Aliyense pano akuthawa injini zazikulu, ndiye Mark X muigulitsa motchipa, pamene zazing'ono zakwera mtengo chifukwa aliyense akuzifuna. Mukaitanitsa ku Japan mukulipira ndi dola, kuphatikiza kuitenga ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, ndi msonkho wa MRA umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Mukagula ya pompano pali kusintha umwini, inshuwalansi, sevisi yoyamba, mwinanso matayala. Tengani ndalama yonse imene muwonjezere pamwamba pa ya Mark X, muigawe ndi imene muzipulumutsa pa mwezi. Ikakhala kuti ibwerera m'chaka chimodzi kapena ziwiri, sinthani. Ikapitirira zaka zinayi, kapena ngati mukukatenga ngongole ya chiwongoladzanja chokwera, konzani imene muli nayoyo ndipo masiku ena muzisinthana ndi anzanu a ku Area 25 olowera njira imodzi.

Kudikira kuti mtengo utsika sindikukulangizani. Mafuta athu onse amachokera kunja kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi dola. Mukukumbukira mu Novembala 2023 kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530, ndipo sanathere pamenepo. Nthawi ya mizere ija, wa galimoto yosamwa akathira malita 20 amatha sabata yonse osabwereranso, pamene wa V6 amagonanso pa filling station kapena kukagula wa m'zigubu amene sudziwa kuti asakanizamo chiyani.

Ndikanakhala inu: ndiyeze kaye Mark X, ndikonze thermostat, sensa ndi mapulagi ngati zili zolakwika, chifukwa ngakhale poigulitsa zithandiza. Kenaka ndifunefune Fielder, ya hybrid ngati batire layezedwa ndipo ndalama ilipo, ya 1.5 wamba ngati ayi. Mukaipeza, pemphani auction sheet, chikalata cha ku okushoni ya ku Japan chosonyeza makilomita ndi mmene galimoto inalili, ngati yangolowa kumene, chifukwa mileage amabweza, ndipo poiyesa mukwere nonse asanu mupite nayo pa chitunda AC ili yoyatsa. Mukayeza Mark X ija mudzalembe nambala yake pano, tidzawerengere limodzi.