Namondwe akagunda phiri, rada imaona chiyani?

Mayi wina wa ku Phalombe wanditumizira imelo. Akuti chichitikireni za namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 mtima sunakhale m'malo, ndiye akufunsa ngati akatswiri a zanyengo amatha kuona zimene namondwe akuchita pa phiri, madzi ndi miyala zisanatsikire m'midzi.

Mayi, amatha ndithu, koma osati mokwanira, ndipo kumene aphunzira zambiri pankhaniyi ndi ku Taiwan. Chilumbachi chili ndi mapiri otsatizana kuyambira kumpoto mpaka kum'mwera. Lalitali kwambiri, Yushan, ndi mamita 3,952, kuposa Sapitwa wathu. Anamondwe a kumeneko, omwe amawatcha typhoon, amafika pafupifupi chaka chilichonse.

Rada imaponya mafunde a wailesi m'mitambo. Akagunda madontho a mvula amabwerera, ndipo akabwerera mwamphamvu ndiye kuti mvulayo ndi yambiri. Rada ya mtundu wa Doppler imayezanso ngati madonthowo akubwera kapena akupita, ndi liwiro lake, motero imaonetsa mphepo ya m'kati mwa namondwe.

Povuta ndi apa. Phiri limakankhira mpweya wachinyezi m'mwamba, n'kuufinya kuti ugwetse mvula, koma phiri lomwelo limatchinganso rada. Kuseri kwake siona kanthu. Akaikweza kuti ilumphe nsonga, imadutsa pamwamba pa mvula imene ikukhuthukira m'zigwa, komwe kuli anthu. N'chifukwa chake a ku Taiwan anazinga chilumba chawo ndi marada angapo, ku Wufenshan, Hualien, Qigu ndi Kenting, n'kumaphatikiza zithunzi zake ndi zoyezera mvula za pansi.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi namondwe wotchedwa Morakot wa mu Ogasiti 2009. Diso lake, lomwe ndi pakati penipeni pa namondwe, linalowera ku Hualien, kum'mawa, koma chimvula chinakagwa kutali, m'mapiri a kum'mwera chakumadzulo, kumene mphepo yachinyezi imene iye anakoka kunyanja inkawomba phiri masiku angapo osaleka. Ku Alishan, dera lina la m'mapiri, kunagwa mvula ya mamilimita opitirira 2,700. Phiri linagumukira mudzi wa Xiaolin, anthu oposa 400 n'kutsalira pansi pa matope.

Choncho mukamva pa wailesi kuti namondwe wadutsa kutali ndi Mulanje, musafulumire kubwerera m'munsi mwa phiri. Funsani kumene mphepo ikuchokera, komanso kuti nthaka yamwa madzi masiku angati, chifukwa kulemera kwa dothi lonyowa rada siikuona.