Kodi kashiamu amakatani mu mitochondria?

Mtsikana wina wa sekondale ku Ulongué wanditumizira imelo. Akuti aphunzitsi anawauza kuti mitochondria, tizigawo ting'onoting'ono ta mkati mwa selo, ndi Cahora Bassa wa selo (damu la magetsi lija), kopangira mphamvu. Funso lake ndi lakuti, "Nanga bwanji buku likuti mitochondria amameza kashiamu? Kashiamu si wa mafupa?"

Zikomo achemwali. Za mafupazo simunaname: pafupifupi 99 peresenti ya kashiamu wa m'thupi ali m'mafupa ndi m'mano. Koma kotsalako, kochepa choncho, ndi komwe kamagwira ntchito ya mthenga.

Selo ikakhala phee, kashiamu wa mkati mwake amakhala wochepa kwambiri, ndipo wa kunja amamuposa kuwirikiza pafupifupi ka 10,000. Ndiye kakangolowa pang'ono, selo yonse imadzidzimuka ngati yamva belu. Ganizirani bambo akupanga mizere ya mbatatesi ku Tsangano. Nthawi iliyonse akakweza khasu, nkhokwe ya kashiamu ya mkati mwa selo za minofu imatseguka, kashiamu nkukhuthuka, mnofu nkukungika. Kenako amakokeredwanso m'nkhokwe muja, mnofu nkumasuka.

Apa ndi pamene mitochondria amalowerera. Ambiri amakhala atatsamira nkhokweyo, ngati nyumba ya pafupi ndi mjigo, moti kashiamu akamatuluka iwo ndi oyamba kumulandira. Mkati mwawo muli mphamvu ya magetsi pafupifupi mamilivoti 180 yomwe imamukoka, ndipo amalowera pa kakhomo kotchedwa MCU. Akalowa amadzutsa ma enzyme atatu omwe amathandiza kuwotcha chakudya, ndipo ATP, yemwe ndi mafuta a selo, amapangidwa wambiri.

Ine mbali imeneyi ndi imene imandisangalatsa kuposa zonse. Mfuu yomwe yauza mnofu kuti "gwira ntchito" ndi yomweyonso yauza mitochondria kuti "sonkhezerani moto". Zili ngati pa dima: kuitana komwe kwatulutsa anthu ndi makasu ndi komwenso kwadziwitsa amayi kuti mphika wa lero ukhale waukulu. Palibe wodikira kuti olima ayambe akomoka ndi njala. Mtima wanu, womwe supuma usana ndi usiku, umadalira zimenezi kwambiri mukamakwera chitunda ndi ndowa pamutu.

Kashiamuyo sakhalitsa mkatimo. Amatulutsidwa pa khomo lina, NCLX, posinthana ndi sodiyamu, uja wopezeka mu mchere. Pomulandira ndi kumubweza pang'onopang'ono chonchi, mitochondria amathandizanso kuti asasefukire m'selo, monga dambo limamwera madzi a mvula.

Akatswiri anaona mitochondria akumeza kashiamu kalekale, cha m'ma 1961, koma kakhomo ka MCU kaja sanakadziwe mpaka 2011, pamene magulu awiri, la Rosario Rizzuto ku Padua, ku Italy, ndi la Vamsi Mootha ku Boston, ku America, anakapeza aliyense payekha. Zaka 50! Ndiye ngati aphunzitsi anu sanatchule MCU musawaderere, mwina buku lomwe anaphunzirira linalembedwa zimenezi zisanadziwike.

Koma dambo nalo limadzaza. Munthu akachita sitiroko, kapena mtsempha wa mtima ukatsekeka, maselo amasowa okosijeni ndipo mapampu otulutsa kashiamu amaima. Mitochondria amameza mpaka kupitirira muyeso, makamaka magazi akayambanso kuyenda. Pamenepo pamatseguka chibowo chachikulu pakhungu lawo la mkati, magetsi aja nkutha, iwo nkutupa. Akaphulika amatulutsa puloteni yotchedwa cytochrome c, yomwe imayambitsa imfa ya selo. Ndiye chifukwa chake madokotala amalimbikira kuti wodwala sitiroko afike kuchipatala msanga, osayamba mwamugoneka kuti tione mawa.

Pomaliza munafunsa ngati kudya usipa wambiri kungadzaze mitochondria. Ayi, idyani ndithu, ndi mafupa ake omwe. Mahomoni ndi impso ndi zomwe zimasunga mlingo wa kashiamu m'magazi, ndipo selo ya munthu wabwinobwino imalola kochepa kokha komwe ikufuna.