Lamba wa timing: mumukunge mpaka pati?

Bambo wina wandilembera imelo kuti akufuna kusintha yekha lamba wa timing wa galimoto yake pakhomo. Kumasula sakuopa, koma akufunsa kuti adziwa bwanji kuti lamba watsopanoyo wakungika mokwanira.

Achimwene, mwafunsa penipeni pamene anthu amawonongera injini. Lambayu ndi amene amagwirizanitsa crankshaft (chitsulo chomwe mapisitoni amazunguliza) ndi camshaft (chitsulo chotsegula ndi kutseka mavavu): crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft imazungulira kamodzi. Akakhwepa amadumpha mano, ndipo pa injini zambiri mapisitoni amawomba mavavu n'kuwapinda. Mukamukunga kwambiri amalira ngati likhweru, n'kudya mabering'i a pampu ya madzi ndi a tensioner, kachipangizo komwe kamakunga lambayo.

Yambani injini itazizira, batire mutachotsa. Zungulizani crankshaft mpaka pisitoni yoyamba ifike pamwamba penipeni, zizindikiro za pa mapule zilunjikane ndi za pa injini. Lamba wakale akachoka, musazungulizenso crankshaft kapena camshaft. Poika watsopano, mbali yopanda tensioner ikhale yokungika, kukhwepa konse kutsalire mbali ya tensioner. Ngati lambayo ali ndi muvi, uloze komwe injini imazungulira.

Tsono pa kukunga. Amakaniko akale amapotokola lamba ndi zala pakati pa mbali yaitali, akapotoka madigiri 90 amati zatheka. Njirayi inali ya injini zina zakale, ndipo sindikulangizani kuidalira. Magalimoto ambiri tsopano ali ndi tensioner ya sipuling'i yokhala ndi kamuvi kofunika kulunjika pa chizindikiro chake, kapena ya hydraulic yobwera ndi kapini komwe mumasolola pomaliza, lamba atakhala kale m'malo. Buku la galimoto yanu likuuzani mtundu wake komanso mphamvu yomangira bawuti, ndipo apa torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ndi yofunika ndithu.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse: musalize injini msanga. Chotsani mapulagi, muzungulize crankshaft ndi sipanala kawiri kathunthu molowera komwe imayendera. Mukamva yagunda penapake, imani, musakakamize. Ikatha maulendo awiriwo, onaninso zizindikiro zonse ndi kamuvi ka tensioner. Zikasiyana ngakhale dzino limodzi, masulani muyambirenso.

Poti mwatsegula kale, sinthiranitu tensioner, mapule ongozungulira omwe lamba amadutsapo, ndi pampu ya madzi ngati imayendetsedwa ndi lamba yemweyu. Mukaona oilo akudontha pa masilo (malabala otchinga oilo), konzani kaye, chifukwa oilo amafewetsa labala wa lamba watsopano.