Mwana wasintha khalidwe atangochira zilonda zapakhosi: kodi ndi PANDAS?

Mayi wina wanditumizira imelo yofotokoza za mwana wake wamwamuna wa zaka 8 amene anadwala zilonda zapakhosi, ndipo atangochira anasintha khalidwe mwadzidzidzi. Tsopano amasamba m'manja mobwerezabwereza mpaka khungu kusupuka, amangophethiraphethira, safuna kutalikirana ndi mayi ake, ndipo wayambiranso kukodza pogona. Mayiyu anawerenga pa intaneti za matenda a PANDAS, amene mwana amasintha khalidwe mwadzidzidzi atagwidwa ndi bakiteriya wa zilonda zapakhosi, ndiye akufunsa ngati ndi omwewa komanso ngati mwanayo ayenera kumwa maantibayotiki.

Mayi, zimene mwalembazi zikufanana ndithu ndi zimene Susan Swedo ndi anzake a ku National Institute of Mental Health ku America anafotokoza mu 1998 atafufuza ana 50, n'kuzitcha PANDAS. Anawa anali asanathe msinkhu, ambiri anali anyamata, ndipo vuto lawo linkayamba kapena kukula atagwidwa ndi bakiteriya wa streptococcus wa gulu A, yemweyo amene amayambitsa zilonda zapakhosi. Akatswiriwa anaganiza kuti popeza mbali zina za bakiteriyayu zimafanana ndi zina za m'thupi la munthu, asilikali amene thupi limapanga kuti amenyane naye amasokera n'kuyamba kuwononga chigawo cha ubongo chotchedwa basal ganglia, chimene chimathandiza kuwongolera kayendedwe ka thupi ndi zizolowezi. Mu 2012 panabwera dzina lina lakuti PANS, lokhudza ana amene amasintha mwadzidzidzi chomwechi ngakhale streptococcus asanapezeke.

Chimene madokotala amayang'ana kwambiri ndi liwiro la kusinthako. Nthawi zambiri vuto lochita zinthu mobwerezabwereza, lotchedwa OCD, limakula pang'onopang'ono moti makolo sazindikira pamene linayambira, koma pa PANDAS mwana amasintha m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo makolo ambiri amatha kutchula tsiku lenilenilo. Ana ena amakana chakudya poopa kutsamwa, ena sagona, ndipo ena amayamba kulemba zosawerengeka. Choncho popita kwa dokotala mulembe masiku amene zizindikiro zinayamba, ndipo mutenge makope a mwanayo akale ndi atsopano, chifukwa kusintha kwa kalembedwe ndi umboni umene dokotala angauone ndi maso ake.

Palibe kuyeza magazi kumene kungatsimikizire PANDAS. Kuyeza magazi kotchedwa ASO kumangosonyeza kuti mwana anakumanapo ndi streptococcus, ndipo ana ambiri a msinkhu wa sukulu amakumana naye popanda kusintha khalidwe. Nchifukwa chake akatswiri sanagwirizanebe pa kuchuluka kwa ana amene alidi ndi matendawa. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zimalakwitsa penapake, pakuti pali madokotala amene amangouza makolo kuti mwana akuchita dala, ndipo pali anthu pa intaneti amene khalidwe lililonse lachilendo amaliti PANDAS.

Dokotala ayenera kuyamba watsimikiza kuti si matenda ena oopsa kwambiri. Oyamba ndi Sydenham chorea, amene amabwera ndi rheumatic fever (matenda otupitsa mfundo za mafupa ndi mtima) ndipo amachititsa manja, miyendo ndi nkhope kugwedezeka mwana asakufuna. Matendawa amayambanso ndi streptococcus ndipo nthawi zambiri amayendera limodzi ndi kuwonongeka kwa mavavu a mtima, choncho mtima wa mwana wanu upimidwe. Enanso ndi kutupa kwa ubongo. Mwana akakomoka, akasokonezeka mutu, akamagona mosadzutsika kapena akasiyiratu kudya ndi kumwa, mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Kunena za maantibayotiki, ngati kuyeza kwapakhosi kwasonyeza kuti bakiteriyayo alipo, dokotala adzapereka penicillin kapena amoxicillin, kawirikawiri kwa masiku 10, ndipo mwanayo amalize mankhwala onse. Musampatse panokha, ndipo kumwa maantibayotiki kwa miyezi yambiri pofuna kupewa PANDAS kulibe umboni wokwanira. Chithandizo cha IVIG, cholowetsa m'mitsempha asilikali a thupi otengedwa m'magazi a anthu ena, chimene ambiri amachitamanda, ndi cha ana odwala kwambiri okha, ndipo kafukufuku wa mu 2016 wa ana 35 sanapeze kusiyana kotsimikizika pakati pa amene anachilandira ndi amene sanachilandire.

Chimene simuyenera kuchedwetsa ndi chithandizo cha zizindikirozo. Uphungu wa mtundu wa CBT, umene umaphunzitsa mwana kulimbana ndi mantha popanda kubwereza chizolowezicho, umathandiza pa OCD posatengera chimene chinayambitsa vutolo, ndipo mankhwala a gulu la SSRI, othandiza pa nkhawa ndi OCD, akafunika amayambidwa pa mlingo wochepa. Musamukalipire mwanayo akakodza pogona kapena akamasamba mosalekeza, chifukwa sangathe kudziletsa, ndipo aphunzitsi ake muwafotokozere kuti akudwala. Ana ambiri amapeza bwino, koma vutoli limatha kubwereranso, choncho akadzadandaulanso za pakhosi mukamuyezetse msanga.