Musanagule galimoto ya Stock, yambani mwaona manambala a pa injini

Achimwene, mwafunsa kuti mwa magalimoto amphamvu a ku America a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndi iti yomwe mungagule ndi $30,000 yanuyo kuti muzipikisana nayo m'gulu la Stock Eliminator (la magalimoto osasinthidwa kwambiri kuchoka mmene anatulukira ku fakitale) la NHRA, bungwe loyendetsa mipikisano ya liwiro pa msewu wowongoka waufupi, popeza mukukhala pafupi ndi Indianapolis komwe kumachitikira mpikisano waukulu wa U.S. Nationals chaka ndi chaka. Mwafunsanso za ngolo yonyamulira galimoto, koma ine ndiima pa galimoto penipenipo.

Mwa anthu ena amene akuyankhani kale, amene akukutchulirani Dodge Hemi Dart ya 1968 akungokulotetsani masana. Magalimoto amenewo anapangidwa pafupifupi 80 okha, amathamanga m'gulu lina la Super Stock osati mu Stock, ndipo yeniyeni ikapezeka pamsika mtengo wake umadutsa $100,000 kutalitali. Wina amene wati muikemo injini yamakono ya LS ya General Motors akuoneka kuti buku la malamulo sanalitsegulepo, pakuti mu Stock injini iyenera kukhala ya mtundu womwe fakitale inkaika m'galimoto imeneyo m'chaka chimenecho.

Kagulu ka mu Stock kamene galimoto yanu idzaikidwemo kamapezeka pogawa kulemera kwake ndi mphamvu ya injini yomwe a NHRA anailembera, ndipo mphamvuyo si nthawi zonse imafanana ndi ya fakitale. Mustang ya 428 Cobra Jet ya 1968 a Ford anailemba kuti ndi ya 335 horsepower, koma itaonetsa ukali wake pa mpikisano wa Winternationals ku Pomona, a NHRA anakweza nambalayo. Choncho musasankhe galimoto chifukwa cha kutchuka kwa dzina, koma funsani kaye kuti injiniyo anailembera mphamvu yotani lero.

Chimene chinandiwawa ine ndi ichi. Ndinagula Plymouth Duster 340 ya 1970 kwa munthu wina amene analumbira kuti zonse zinali motsatira malamulo, ndipo ine, poimva mmene inkabangulira, sindinafunsenso kanthu. Tsiku loyamba ku mpikisano, munthu woyendera magalimoto anangotsegula boneti, n'kuyang'ana kabuleta, n'kundifunsa modekha ngati ndikudziwa kuti 340 ya 1970 inkabwera ndi kabuleta ya Carter AVS, pamene yanga inali Holley yaikulu. Ndinabwerera kunyumba osaponda n'komwe pamzere woyambira. Makaniko atamasula injini anandiitana kuti ndipise chala m'mabowo odutsa mpweya a cylinder head (mutu wa injini), ndipo munali mosalala ngati mbale yadothi, kusonyeza kuti mwini wakaleyo anawapala kuti akule, chinthu choletsedwa mu Stock. Kupeza ma head ena a manambala oyenera, kabuleta ndi camshaft yotsegula mavalavu pa mlingo wovomerezeka kunandidyera ndalama zoposa $5,000, ndipo chaka chonsecho ndinangokhala woonerera.

N'chifukwa chake ndikuti musapereke ndalama musanalembe manambala osindikizidwa pa block (thupi la injini), pa ma head, pa intake (polowera mpweya) ndi pa kabuleta, n'kuwafananiza ndi zimene a NHRA anavomereza. Wogulitsa akayamba kuzengereza pa zimenezi, tsanzikani mwaulemu.

Ndi ndalama mwatchulayo ine ndikanafuna Chevrolet Nova ya injini ya 350 yomwe yakhala ikuthamanga kale mu Stock, chifukwa zipangizo za injini yotereyi, yotchedwa small-block ya Chevrolet, sizisowa ndipo n'zotsikirapo mtengo kusiyana ndi za Mopar (Dodge ndi Plymouth). Zimene ndakhala ndikuziona zimayambira cha m'ma $25,000 kukwera m'mwamba. Kugula yam'misewu kuti muisandutse nokha kumatha ndalama zambiri kuposa pamenepo, makamaka ikayamba kumaliza mtunda wa mpikisanowu, wa mamita 402, m'masekondi 11.49 kapena kucheperapo, pamene roll bar, chitsulo choteteza woyendetsa galimoto ikagubuduzika, imakhala yokakamiza. Matayala akumbuyo asapitirire mainchesi 9 m'lifupi.

Ndipo popeza kwanuko amathira mchere m'misewu nyengo yachisanu, lowani pansi pa galimotoyo ndi tochi, mugogode ndi sikuludiraiva pomwe masipuling'i akumbuyo amagwirira thupi. Pamenepo ndi pamene pamalandira mphamvu yonse galimoto ikamanyamuka, ndipo ngati padyedwa ndi dzimbiri, ndi bwino muvutike ulendo wa ku Arizona, dera louma, mukatenge yopanda dzimbiri.